Nsima ilembedwe ndi chilembo chaching'ono

Mu Blantyre muno tazolowera kulemba mayina a zakudya zathu ndi chilembo chachikulu paliponse pomwe apezeka. Onani timapepala ta malesitilanti a ku Limbe ndi ku Ginnery Corner, mauthenga a pa WhatsApp a amayi ophika zakudya za maoda, makalata a makomiti a ukwati, ngakhalenso nkhani zina za m'nyuzipepala. Pakati penipeni pa chiganizo mupeza Nsima, Chambo, Thobwa, Kondowole. M'chiganizo chomwecho mpunga, nyemba ndi nkhuku zalembedwa ndi zilembo zazing'ono, ndipo palibe akudabwa. Ine ndikuti uku n'kulakwitsa. Mayina a zakudya ndi mayina opanda mwinimwini, ndipo chilembo chachikulu sichiwayenera pokhapokha ayambe chiganizo kapena akhale pa mutu wa nkhani.

Aliyense amene anadutsa ku pulayimale akukumbukira mmene aphunzitsi ankagawira mayina. Dzina lamwinimwini limaloza chinthu chimodzi chodziwika: Ndirande, Mudi, Shire, Lachisanu, John Chilembwe. Lopanda mwinimwini ndi la gulu lonse la zinthu zofanana: phiri, mtsinje, tsiku, m'busa. Soche ndi mmodzi, mapiri ndi ambiri. Tsono nsima igwera kuti? Masana ano ku Bangwe kokha yaphikidwa m'mapoto osawerengeka, ina ya mgaiwa, ina ya ufa woyera, ina yolimba, ina yofewa, ina yosapsa chifukwa makala anathera panjira. Yonseyo ndi nsima, ndipo palibe mtanda umodzi umene unganene kuti dzinali ndi langa ndekha.

Sitikusowanso kupita kutali kukafunsa, chifukwa Chichewa chimadziweruza chokha kudzera mwa agwirizanitsi. Timati "chimwemwe chadzaza tsaya", koma mwana wotchedwa dzina lomwelo akafika timati "Chimwemwe wabwera". Timati "mvula yagwa", koma za munthu timati "Mvula wagwa", kapena mwaulemu "a Mvula agwa". Mawu akasanduka dzina la munthu amasiya gulu lomwe anabadwiramo n'kulowa m'gulu la anthu, ndipo khutu la mwini chiyankhulo limamva kusinthako popanda kuuzidwa. Yesani tsono ndi zakudya. Nsima yapsa. Thobwa lasasa. Chambo chadula. Zitumbuwa zatha. Chilichonse chakhala phee m'gulu lake. Ngakhale chikondamoyo, chomwe kamvekedwe kake kakufanana ndi dzina loti munthu n'kupatsa mwana wake, timati "chikondamoyo chapserera". Munthu atati "Chikondamoyo wapserera" tikhoza kufunsa kuti ndi mwana wa ndani, nanga wapita naye kuchipatala ndani.

Muyeso umenewu uli ndi pomwe umalekezera. Kondowole, futali ndi bonongwe amatenga agwirizanitsi ofanana ndi a anthu: kondowole wapsa, bonongwe watha. Pamenepo pafunika funso lina, loti "wanji?" Futali wanji, wa mbatata kapena wa maungu? Kanyenya wanji, wa mbuzi kapena wa nkhumba? Nsima yanji? Funso limeneli limatheka pa chinthu chomwe chili ndi mitundu, chomwe ungagule chambiri kapena chochepa, ungagawe pakati, ungasiyeko cha mawa. Palibe amafunsa kuti "Ndirande wanji?" pokhapokha akuchita nthabwala. Wina anganene kuti nanga si kuli Blantyre wina ku Scotland komwe anabadwira David Livingstone. Zoona, koma awiriwo ndi malo awiri otchedwa dzina limodzi, si mtundu wa katundu woti n'kupima pa sikelo.

Amene amalemba Nsima ndi chilembo chachikulu si mbuli ayi. Ambiri ndi anthu ophunzira bwino, ndipo chifukwa chawo choyamba ndi ulemu. Amati nsima si chakudya wamba. Munthu akhoza kudya mpunga, tchipisi ndi buledi tsiku lonse, madzulo n'kunena kuti lero sindinadye. Pamaliro, pachinkhoswe, pasadaka, nsima ndiyo imasonkhanitsa anthu. Amawonjezanso kuti mu 2017 bungwe la UNESCO linaika nsima pa mndandanda wa chikhalidwe cha anthu a dziko lapansi, mndandanda womwewo umene pali Gule Wamkulu, Vimbuza ndi Tchopa. Ngati Gule Wamkulu timamulemba ndi zilembo zazikulu, nsima yalakwanji?

Mfundoyi ndi yolemera ndipo sindikuipeputsa. Koma chilembo chachikulu si mendulo. Ntchito yake ndi kuuza wowerenga kuti mawu awa akuloza chinthu chimodzi chodziwika ndi dzina, basi. Chikanakhala cha ulemu bwenzi tikulemba amayi, agogo, moyo, madzi ndi mtendere ndi zilembo zazikulu, ndipo bwenzi mayina a zigawenga ndi a ziwanda tikuwalemba ndi zazing'ono. Sititero. Dzina la wakuba woopsa limayamba ndi chilembo chachikulu chimodzimodzi dzina la bishopu. Gule Wamkulu ndi dzina la mwambo umodzi, wa anthu odziwika, wokhala ndi madambwe ndi malamulo ake, ndipo likuusiyanitsa ndi magule ena onse. Mawu oti gule paokha timawalemba ndi chaching'ono. Chimene UNESCO inalemekeza ndi mwambo wa Amalawi wa kaphikidwe ndi kadyedwe, kuyambira kukonola chimanga mpaka kukhalira limodzi pa mbale. Sinasinthe galamala ya mawu. Bungwe lomwelo linalemekezanso buledi wa ku France wotchedwa baguette mu 2022, koma eni ake akulembabe dzinalo ndi chilembo chaching'ono, ndipo palibe amene angati Afalansa sanyadira buledi wawo.

Chifukwa chachiwiri sachinena kawirikawiri, koma ndikuona kuti ndicho chenicheni. Chizolowezichi chinayambira m'zolemba za Chingerezi. Mmalawi akamalemba lipoti kapena nkhani m'Chingerezi n'kufika pa nsima, amaona kuti mawuwa ndi achilendo m'chiganizomo ndipo ayenera chizindikiro. Osindikiza mabuku amapendeketsa zilembo pa mawu otere. Pa taipi ya kale, pa bolodi ndi pa cholembera kupendeketsa kunali kovuta, ndiye chilembo chachikulu chinalowa m'malo. Foni nayo imathirira mzere wofiira kunsi kwa nsima ngati kuti talakwitsa, ndipo munthu amafuna kuitsimikizira kuti ayi, ili ndi dzina la chinthu. Kuchokera m'Chingerezi chizolowezi chinawolokera m'Chichewa, mpaka lero tikulemba nsima ngati mawu obwera m'chiyankhulo chake chomwe. Zili ngati mbale zija za m'kabati zomwe mayi amatulutsa kukabwera alendo: mwana wa pakhomo mukamuikira chakudya m'menemo amadziwa kuti mwamuyesa mlendo.

Chodabwitsa n'chakuti eni Chingerezi satero. Pizza ndi spaghetti anazitenga ku Italy, sushi ku Japan, ndipo zonsezi amazilemba ndi zilembo zazing'ono. Olemba a ku Kenya kawirikawiri amalemba ugali ndi chaching'ono, a ku Zimbabwe sadza, a ku South Africa pap. Chakudya chake ndi chomwechi cha ufa wa chimanga. Ndiye ngakhale amene akufuna kutsatira Chingerezi, lamulo lake likumuuza zomwezo zomwe Chichewa chikumuuza.

Wina afunsa kuti kodi zimenezi zikupweteka ndani. Zikupweteka wowerenga, chifukwa chizindikiro chikamwazidwa paliponse chimaleka kuzindikiritsa. M'dziko muno muli mabanja otchedwa Matemba. "Ndaona matemba kumsika wa Limbe" ndi "ndaona a Matemba kumsika wa Limbe" ndi nkhani ziwiri zosiyana, ndipo chiganizo choti "Dzulo Matemba anavuta kumsika" chikhoza kuipitsa mbiri ya munthu pamene wolemba amangodandaula za kusowa kwa ndiwo. Munthu wa mu mzinda uno akalemba kuti "ndagula kamba ku Kamba", chilembo chokhacho ndicho chikusiyanitsa chakudya cha paulendo ndi malo. Kanjedza, Kachere ndi Nsanje ndi chimodzimodzi: mtengo ndi dera, mtengo ndi dera, khalidwe ndi boma. Chichewa chili ndi mayina ambiri a anthu ndi a malo omwe ndi mawu a tsiku ndi tsiku, kotero ife ndi amene tikufunika kusamala kwambiri chilembo chachikulu kuti chisathe mphamvu.

Zikupwetekanso mwana wa sukulu. M'kalasi amuuza kuti dzina lopanda mwinimwini liyambe ndi chilembo chaching'ono, akatuluka n'kuona akuluakulu onse akuchita zina. Pa chimangirizo ndi pa lembetso mphunzitsi amuchotsera malikisi pa chinthu chomwe anachiona pa chikalata cha ku tchalitchi ndi pa uthenga wa bambo ake.

Pomwe nkhaniyi imakoma ndi pa zakudya zomwe zinatengadi dzina kwa munthu kapena ku malo. Apa ndiye pali mkangano weniweni, ndipo sindikhulupirira kuti lamulo limodzi lingaphimbe zonse. Sangweji imene ana amatenga ku sukulu inatchedwa potengera John Montagu, mfumu yaing'ono ya ku England ya udindo wa Earl of Sandwich, yemwe anamwalira mu 1792. Sandwich ndi tauni ya ku Kent. Lero palibe amaganiza za mkuluyo kapena tauniyo akamapaka majarini pa buledi, ndipo Angerezi eni ake analeka kalekale kulemba mawuwo ndi chilembo chachikulu. Hamburger inachokera ku dzina la mzinda wa Hamburg, nayonso inatsika. Koma m'mahotela a m'tauni muno mukapeza saladi yotchedwa Caesar, chilembo chachikulu chilipobe, chifukwa dzinalo laima palokha ngati dzina la munthu, Caesar Cardini, yemwe anali ndi lesitilanti ku Tijuana m'dziko la Mexico m'zaka za m'ma 1920. Mawu oti saladi ali ndi chaching'ono, dzina la mwiniwake lili ndi chachikulu.

Ifenso tili nazo zathu. Barack Obama atasankhidwa kukhala mtsogoleri wa America mu 2008, dzina lake linafika mpaka pa mabanzi a m'maokala athu. Mverani mmene wogula amayankhulira: "Mundipatse maobama awiri." Za mwiniwake wa dzina tikanati "a Obama", ndi ulemu wake. Za banzi tikuika "ma" kutsogolo, tikuwerenga, tikufunsa ngati ndi a lero kapena ogona. Pakamwa pa anthu dzinali linasanduka kale lopanda mwinimwini, ndipo cholembera chiyenera kutsatira pakamwa. Ndilemba obama wodyera tiyi ndi chilembo chaching'ono popanda kuopa kuti ndanyoza munthu. Kunena zoona, kunyoza kungakhale kulemba kuti "ana adya Obama".

Phala la Likuni ndi losiyana. Linatchedwa potengera Likuni wa ku Lilongwe, ndipo ndi ufa wa chimanga wosakaniza ndi soya umene ana ambiri a m'sukulu za mu Blantyre amaudziwa kudzera ku bungwe la Mary's Meals, lomwe linayamba kudyetsa ana m'dziko muno mu 2002. Tikati "phala la Likuni", kamawu koti "la" kakusunga malowo ali amoyo m'chiganizo. Likuni akadali malo, phala likadali phala. Chimodzimodzi manachesi a ku Mwanza, nanazi za ku Mulanje, mbatatesi ya ku Tsangano, tiyi wa ku Thyolo, khofi wa ku Mzuzu. Apa palibe chovuta, malo atenge chachikulu, chakudya chitenge chaching'ono. Chichewa chimatithandiza kuposa Chingerezi, chifukwa timawu ta "wa", "ya", "la" timaonetsa poyera pomwe chakudya chathera ndi pomwe dzina la malo layambira.

Akatswiri a sayansi, omwe ambiri timawaona ngati okonda mwambo, anapita patali kuposa pamenepa. Mtundu wina wa chambo amautcha Oreochromis karongae, ndipo makumba amawatcha Oreochromis shiranus. M'mayina amenewo muli Karonga ndi Shire, koma mawu achiwiriwo amalembedwa ndi chilembo chaching'ono nthawi zonse, kaya achokera ku dzina la boma, la mtsinje kapena la munthu. Anagwirizana kuti mawu akayamba kugwira ntchito yotchula mtundu, komwe anachokera sikukhalanso ndi mphamvu pa kalembedwe.

Mayina a malonda ndiwo ali ndi mwiniwake weniweni, woti akhoza kukutengerani kukhoti. Sobo ndi dzina lochokera ku kampani ya Southern Bottlers, Nali ndi dzina la kampani yopanga tsabola wa m'botolo, Chibuku ndi mowa wa kampani. Awa alembedwe ndi chilembo chachikulu. Koma masese, kachasu ndi thobwa n'za aliyense wodziwa kufulula, monganso tsabola wa kambuzi ali wa aliyense amene wadzala kuseri kwa nyumba. Vuto limabwera chifukwa pakamwa pathu timakonda kulanda dzina la kampani n'kulipereka ku gulu lonse. Ambiri chakumwa chilichonse chosungunula ndi madzi amachitcha sobo, monga mmene sopo aliyense waufa anasandukira safu ndipo mankhwala alionse otsukira mano anasanduka kolugeti. Apa wolemba adzifunse chimene akutanthauza. Ngati akunena za botolo la kampaniyo, alembe Sobo. Ngati akulemba mawu a agogo otuma mdzukulu kuti akagule kasobo kalikonse ka alendo, chaching'ono chikwana, ndipo "ka" ali kutsogoloyo watsimikiza kale kuti dzinalo lalowa m'gulu la mawu wamba.

Tisaiwale kuti chilembo chachikulu ndi pangano la anthu, si chilengedwe. Chiarabu chomwe ana amaphunzira ku madrasa chilibe zilembo zazikulu ndi zazing'ono. Chigujarati, chiyankhulo cha makolo a amwenye ambiri a ku Limbe, chilibenso, ndipo samusa ndi chapati sizinasowe dzina chifukwa cha zimenezo. Mbali inayi kuli Ajeremani, omwe amalemba dzina lililonse ndi chilembo chachikulu, kaya ndi la munthu, la galu kapena la supuni. Anthu a ku Denmark ankachitanso chimodzimodzi mpaka anasiya mu 1948. Njira zonsezi zimayenda chifukwa n'zosasinthasintha. Yomwe siyenda ndi yathuyi, yokweza nsima n'kutsitsa mpunga, kukweza chambo n'kutsitsa usipa, malinga ndi chimene wolemba amachikonda kapena chimene chili chodula pamsika. Mukayang'anitsitsa mupeza kuti bonya ndi chisoso sizipatsidwa chilembo chachikulu kawirikawiri. Ndiye kuti ulemu umene tikunenawu ukutsata mtengo wa ndiwo.

Chichewa chinasankha kale njira yake. Chinakhala chiyankhulo cha dziko mu 1968, bungwe la Chichewa Board linakhazikitsidwa mu 1972, ndipo linatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973 omwe anakonzedwanso mu 1980 ndi mu 1990. Ntchitoyo tsopano ili m'manja mwa Centre for Language Studies ku Zomba. Kalembedwe komwe mabuku a sukulu amatsatira ndi kosunga chilembo chachikulu pa chiyambi cha chiganizo ndi pa mayina amwinimwini. Sindikupempha lamulo latsopano. Ndikupempha akonzi a nkhani, aphunzitsi ndi olemba makalata a m'maofesi ndi m'mipingo kuti agwiritse ntchito lomwe lilipo.

Olemba zikwangwani ndi eni malesitilanti ndiwasiye pang'ono. Mndandanda wa zakudya pa bolodi si chiganizo. Mzere uliwonse uli ngati mutu paokha, ndipo kuyamba uliwonse ndi chilembo chachikulu, kapena kulemba zonse ndi zazikulu kuti woyenda pamsewu aone ali patali, palibe cholakwa. Chofunika n'chakuti ngati Nsima yakwera pa bolodipo, Nyemba ndi Bonya zikwerenso. Komanso wophika akapeka mbale yakeyake n'kuipatsa dzina la lesitilanti yake kapena la mwana wake, limenelo ndi dzina lamwinimwini ndithu, chifukwa pakhomo lina simukaipeza.

Pali mawu awiri omwe ndikuona kuti ali pakati pa ulendo. Mtedza wa chalimbana unatenga dzina ku Chalimbana, malo a ku Zambia, koma amayi ogulitsa nsinjiro ku msika wa Ndirande akamati chalimbana akunena mtedza wa maso akuluakulu, ndipo Zambia sali m'maganizo mwawo. Umenewu ndikhoza kuulola kutsika. Kilombero ndiye ndikanakonda asatsike msanga. Dzinali ndi la chigwa ndi mtsinje wa ku Tanzania, koma kwa ife likutanthauza mbewu imodzi ya mpunga wonunkhira umene alimi a ku Karonga amatchuka nawo, ndipo wogula amalipira ndalama zoonjezera chifukwa cha dzinalo. Kale pamsika pali ogulitsa amene mpunga uliwonse wautali amautcha kilombero, ena n'kusakaniza ndi wina wotchipa. Dzinali likangosanduka la mpunga wabwino uliwonse, woluza ndi mlimi amene analima weniweniwo. Ku Ulaya opanga vinyo a chigawo cha Champagne amateteza dzina lawo ndi malamulo pa chifukwa chomwechi, ndipo alimi a rooibos a ku South Africa anapeza chitetezo chotere ku European Union mu 2021. Chilembo chokha sichingaletse wamalonda kusakaniza mpunga, koma wolemba nkhani za ulimi ndi za malonda akamasunga K wamkulu pa mbewu yeniyeniyo, n'kukana kutcha mpunga wina uliwonse dzinalo, wathandizako mlimi wa ku Karonga kuposa amene akukweza N wa nsima.